Bondo Likatupa, Bwanji Tikulanga M'mimba ndi Impso?

M'makomboni a Lusaka, Indocid ali ndi ntchito ziwiri. Mayi wa ku Kanyama makoswe akamuvuta m'nyumba, amatsegula kapisozi, n'kuthira ufa wake m'kansima kapena m'kapenta, ndipo pakapita tsiku kapena awiri khoswe amapezeka ali chagada kuseri kwa kabati. Mwamuna wake akabwera madzulo kuchokera ku Soweto Market, komwe watha tsiku akukankha wilibala ya matumba a anyezi, bondo litatupa, amameza kapisozi yemweyo, mwina awiri, nsima isanapse n'komwe. Palibe amaona chachilendo. Khoswe uja amafa chifukwa indomethacin, yemwe ndi mankhwala ali m'kapisozimo, amam'chititsa zilonda m'matumbo ndipo magazi amatayikira m'kati. Munthu si khoswe. Thupi lake ndi lalikulu ndipo mlingo woyenera limaupirira. Koma njira imene mankhwalawa amavulazira m'mimba ndi yomweyo.

Ine ndimanyamula chikwama cha mankhwala pa timu ya mpira wa madala ku Matero. Sindine dokotala. Ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka ndinapuma, ndipo anzanga ataona kuti miyendo yanga yasiya kuthamanga anandipatsa chikwama ndi ndowa ya madzi. Lamlungu masana ndimaonerera amuna a zaka makumi anayi ndi makumi asanu, ena mimba zili patsogolo, akudumphira mpira pabwalo la fumbi ndi timiyala. Uyu wabinya kakolo, uyo bondo latupa, wapagolo chala chapindika. Aliyense akamatuluka akutsimphina mawu ake ndi amodzi: "Mudala, nipatseniko Brufen ziwiri." Ndikatulutsa kachubu ka diclofenac wopaka amandiyang'ana ngati ndam'tukwana. "Ivo ni va bana, mudala. Nifuna vamene visebenza."

Ndikufuna kutsutsa maganizo amenewa, ndipo ndikulankhula kwambiri kwa ogulitsa mankhwala ndi kwa a Unduna wa Zaumoyo kusiyana ndi kwa anzanga a mpirawo. Munthu akabinya kakolo, akapweteka bondo, chigongono, dzanja kapena chala, mankhwala oyamba azikhala opaka. Akumwa azibwera pambuyo, pakakhala chifukwa. Panopa m'komboni zinthu zili chozondoka: piritsi ndiye loyamba, jakisoni ndiye mfumu, ndipo kachubu kamaoneka ngati zinthu za anthu a kumayadi.

Brufen, Indocid, diclofenac, naproxen ndi aspirin ndi a banja limodzi. Mu 1971 katswiri wa ku Britain, John Vane, anaonetsa kuti mankhwala otere amatseka njira imene thupi limapangira timadzi totchedwa prostaglandin, ndipo ntchitoyi inam'patsa mphotho ya Nobel mu 1982. Pamalo povulala, timadziti ndi tomwe timatupitsa, kutenthetsa ndi kuchititsa kuti misempha imve ululu kwambiri. Tikachepa, ululu umatsika. Vuto ndi loti timadzi tomweti tili ndi ntchito zina kwina. M'chifu timathandiza kupanga mamina okuta khoma kuti asidi asalidye. Mu impso timatsegula mitsempha kuti magazi azifika okwanira, makamaka munthu akatha madzi m'thupi. Piritsi silidziwa kuti vuto lili pa kakolo wakumanzere. Likasungunuka limalowa m'magazi n'kufika paliponse, ndipo chifu ndi impso zimalipira nawo mlandu umene sizinapalamule. Wopaka amalowa pakhungu n'kukhazikika m'minofu ndi m'mitsempha ya pafupi pomwepo. Opanga diclofenac wopaka anayeza n'kupeza kuti ofika m'magazi ndi pafupifupi magawo 6 pa 100 alionse poyerekeza ndi akumwa.

Anzanga akamva zimenezi amati ndiye kuti sagwira ntchito. Apa ndiye pali umboni wolimba. Mu 2015 bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zamankhwala padziko lonse, linaunika kafukufuku 61 wokhudza anthu oposa 8,000 obinya ndi okokeka minofu. Pa anthu 10 opaka diclofenac wa mtundu wa Emulgel, 7 kapena 8 ululu wawo unali utatsika kwambiri pakutha pa sabata. Pa anthu 10 opatsidwa mafuta ofanana nawo koma opanda mankhwala, amene anapeza bwino chotero anali 2 kapena 3. Mfundo imeneyi ndimaikonda chifukwa imayankha mnzanga wina wapakati pabwalo, yemwe amati chothandiza n'kusisitako basi. Magulu onse awiri ankasisita chimodzimodzi. Kusiyana kunali m'kati mwa chubu. Mu 2020 mabungwe awiri a madokotala a ku America, American College of Physicians ndi American Academy of Family Physicians, analangiza kuti munthu wamkulu akavulala minofu kapena mfundo, kupatula msana wa m'munsi, mankhwala opaka a banjali ndiwo akhale oyamba. Ku England, bungwe la NICE mu 2022 linanenanso chimodzimodzi pa nyamakazi ya m'mawondo ya okalamba: ayambe ndi opaka.

Ndiyenera kusiyanitsa apa, chifukwa m'komboni chilichonse chopaka timachiika m'thumba limodzi. Pali aja onunkha kwambiri, otentha pakhungu, amene mnyamata akapaka basi yonse imadziwa. Ambiri mwa iwo ali ndi menthol ndi methyl salicylate. Kutenthako kumanyenga ubongo kwa kanthawi, ndipo sindikana kuti kumakoma. Koma a Cochrane omwewo atawaunika mu 2014 sanapeze umboni wabwino woti amachiza ululu wa kuvulala. Amene ndikunena ine satentha, fungo lawo ndi lochepa, ndipo pachubu pamalembedwa diclofenac, ibuprofen kapena ketoprofen. Mwina n'chifukwa chake amuna amawaderera. Tinazolowera kuti mankhwala enieni aziwawa, azitentha kapena azibaya.

Kafukufuku yenseyu anachitikira kutali, kwa anthu amene ambiri amadziwa kale mmene BP ndi impso zawo zilili. Kwa ife kuno chifukwa chosankhira opaka n'chachikulu kuposa kwawo. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 18 mpaka 69 muno mu Zambia ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sadziwa. Mapiritsi a banja la Brufen amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amakweza BP, ndiponso amafooketsa mphamvu ya mankhwala a BP. Munthu amene akumwa enalapril pamodzi ndi aja okodzetsa, akawonjezerapo diclofenac, impso zake zimapanikizidwa mbali zitatu nthawi imodzi. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anaonetsa kuti akuluakulu 11 pa 100 alionse ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri amene ali pa ma ARV amamwa piritsi la TLD, lomwe muli tenofovir. Tenofovir amatulukira ku impso ndipo kwa ena amazitopetsa. Kumuphatikiza ndi diclofenac kwa masiku ambiri n'chinthu chimene madokotala amachenjeza. Ndani pa kantemba amafunsa wogula ngati ali pa ma ARV? Ndipo ndani angayankhe zoona pamaso pa anansi ake ali pamzere wogula sopo ndi mafuta ophikira?

Onjezanipo dzuwa la Okutobala. Mayi woswa miyala ku Kalingalinga, mnyamata wa wilibala, wosenza zigubu za malita 20 kuchokera pampopi wa ku George, onsewa amatha tsiku akutuluka thukuta, madzi akumwa pang'ono chifukwa chimbudzi cha pamsika n'cholipira. Imeneyo ndiyo nthawi imene impso zimadalira kwambiri prostaglandin uja, ndipo ndiyo nthawinso imene munthu amameza mapiritsi kuti mawa adzukenso. Impso zikamawonongeka siziimba ng'oma. Munthu amadzadziwa miyendo itayamba kutupa, ndipo amene anaperekezapo m'bale wake ku makina osefa magazi ku chipatala cha UTH amadziwa kuti ulendo umenewo banja la m'komboni siliupirira nthawi yaitali. Sindikunena kuti aliyense wodwala impso anazitengera ku Brufen. Shuga ndi BP ndiwo adani aakulu. Koma uwu ndi mtolo wowonjezera umene tingathe kuutula.

Anzanga a mpira ali ndi vuto lawolawo. Mpira ukatha sitipita kunyumba. Timakhala pa bala, michopo ili pamoto, mabotolo akuzungulira. Munthu wameza Brufen ziwiri m'mimba mopanda kanthu, kenako akuthiramo mowa. Zilonda za m'mimba zimayamba motero, ndipo chizindikiro chimene anthu sachidziwa ndi chimbudzi chakuda bii, chonanda, chonunkha mwachilendo. Amenewo ndi magazi, ndipo munthu wotero ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Diclofenac wakumwa alinso ndi mlandu wa mtima. Mu 2013 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya, European Medicines Agency, linalamula kuti asaperekedwe kwa amene ali ndi matenda a mtima kapena amene anachitapo sitiroko. Mu 2018 kafukufuku wa ku Denmark wa anthu oposa 6 miliyoni, wofalitsidwa m'magazini ya BMJ, anapeza kuti m'mwezi woyamba omwa diclofenac ankakumana ndi mavuto aakulu a mtima mochulukirapo ndi theka kuposa osamwa, ndipo kutaya magazi m'mimba kunali kochuluka kanayi ndi theka. Kwa munthu mmodzi wathanzi ngoziyo ikadali yaing'ono. Koma pa timu yathu athanzi otero ndingawawerenge ndi dzanja limodzi.

Tsono bwanji anthu akumezabe? Yankho losavuta n'kunena kuti ndi umbuli, ndipo yankho limenelo ndimadana nalo. Wa wilibala amawerengera bwino kuposa ife ophunzira. Piritsi amagula limodzi kapena awiri ndi ndalama yotsala m'thumba madzulo. Chubu sichidulidwa pakati. Uyenera kugula chonse, ndipo mtengo wake ungagule ndiwo za banja. Piritsi lili pa kantemba ka pakona, pamene chubu chimafuna kuti ukwere basi kupita ku famase. Piritsi umameza kamodzi n'kuiwala, koma chubu chimafuna kuti ukhale pansi, upinde buluku, upake katatu kapena kanayi pa tsiku, chinthu chovuta kwa munthu amene ali pamzere wodikira katundu. Munthu wosauka sanasankhe piritsi chifukwa chokonda ngozi. Msika unam'sankhira.

Ndipo msikawo uli ndi zoopsa zina. Ambuya ena a kwathu, amene mawondo akhala akuwavuta, anandionetsa kapepala ka pulasitiki kamene mdzukulu wawo amawagulira pa kashopu kena. Munali kapisozi mmodzi, piritsi lapinki, ndi timapiritsi tiwiri toyera, popanda dzina lililonse. "Mwanawe, aka ndiye kamandiyendetsa," anatero. Nditapita kukafunsa, mtsikana wogulitsa anandiuza mosabisa kuti ndi Indocid, Brufen ndi prednisolone. Ndiye kuti mankhwala awiri a banja limodzi, amene kuwaphatikiza sikuwonjezera mpumulo koma kumawonjezera ngozi, pamodzi ndi wachitatu amene akakumana ndi anzakewo amachulukitsa kutaya magazi m'mimba, ndipo akamwedwa miyezi yambiri amakweza shuga ndi kufewetsa mafupa. N'zoona kuti kamawayendetsa. Koma ambuyawo ndi a zaka zoposa 70, ndipo mawondo ndiwo malo amene opaka amafika bwino kwambiri. Za jakisoni wa diclofenac amene ena amakabayitsa kuseri kwa mashopu ndingonena mwachidule: ndi mankhwala omwewo a m'piritsi, olowa m'magazi onse, ndipo chifu ndi impso saziteteza ngakhale pang'ono. Chimene amawonjezera ndi ngozi ya chithupsa pathako.

Tili ndi bungwe la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la mu 2013, lomwe limapereka zilolezo kwa ma famase ndi mashopu a zaumoyo. Kuthamangitsa tuntemba kokha sikungathetse nkhaniyi, chifukwa bondo la wa wilibala lidzapwetekabe mawa ndipo adzapeza kwina kogula. Chimene ndikupempha n'chakuti njira yabwinoyo ikhale yapafupi ndiponso yotsika mtengo. A ZAMMSA, amene amagula ndi kugawa mankhwala a zipatala za boma, aziona diclofenac wopaka ngati chinthu chosayenera kusowa pa shelefu, monga Panado. Zipatala za Matero, Kanyama ndi Chawama, zomwe zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, pamodzi ndi makiliniki a Kalingalinga, Mtendere ndi George, ndizo zimalandira anthu obinya nthawi ya mvula, pamene njira za ku Kanyama zimasanduka dziwe ndipo anthu amadumpha pamiyala yoterera. Wodwala akalandira kachubu kuchokera m'manja mwa namwino, amayamba kukakhulupirira. Oitanitsa mankhwala kunja abweretse timachubu tating'ono tokwanira sabata imodzi, osati zikuluzikulu zokha. Tinaphunzira kugulitsa mafuta ophikira, shuga ndi sopo wochapira m'timapaketi. Palibe chovuta kuchita chimodzimodzi ndi mankhwala amene angapulumutse impso.

Ndisanamizire kuti chubu chimachiza zonse, chifukwa amene amakokomeza chinthu amachiphetsa. Mankhwala opaka amalowa pang'ono chabe kupitirira khungu. Mfundo ya m'chiuno yakwiririka pansi pa minofu yochindikala, ndipo safikako bwino. Msana nawo uli ndi nkhani yakeyake. Gauti, imene amuna a michopo ndi mowa amaidziwa, ija yodzutsa munthu usiku chala chachikulu cha kuphazi chili psuu moti ngakhale nsalu yofunda sichiifuna, imafuna mankhwala akumwa, ndipo dokotala ndiye asankhe pakati pa a banja la Brufen, colchicine kapena prednisolone malinga ndi impso za munthuyo. Ndipo pali zina zimene chubu ndi piritsi zonse zimangobisa. Bondo limodzi lotupa, lotentha, lofiira, munthu akumva kuzizidwa, popanda kugwa kapena kumenyedwa, likhoza kukhala ndi mafinya m'kati, ndipo mfundo yotero imawonongeka m'masiku ochepa. Mwana wodandaula mafupa kawirikawiri ayezedwe sickle cell. Kutupa kopita pang'onopang'ono kwa miyezi, munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, kungakhale TB ya m'mafupa. Ndipo amene wabinya koma sangathe kuponda ngakhale mapazi anayi, kapena fupa lenilenilo likupweteka ukalikhudza, akajambulitse. Pa timu yathu amenewo sindiwapaka, ndimawafunira galimoto.

Ngati piritsi lafunikadi, likhale la mtundu umodzi, mlingo wochepa umene ukugwira ntchito, masiku ochepa, munthu atadya ndipo akumwa madzi. Wa zilonda za m'mimba, wa impso, wa mtima, wa mphumu imene imadzuka ndi aspirin, ndi amene akumwa warfarin afunse kaye kuchipatala. Amayi oyembekezera asamale kwambiri: mu 2020 bungwe la FDA la ku America linachenjeza kuti kuyambira sabata ya 20 ya mimba mankhwalawa angasokoneze impso za mwana ndi kuchepetsa madzi amene amakhalamo, ndipo m'miyezi itatu yomaliza ngakhale opaka sayenera kugwiritsidwa ntchito. Kupaka nako kuli ndi malamulo ake ochepa. Khungu likhale losachekeka, manja asambidwe pambuyo pake kuti mankhwala asafike m'maso, pamalopo pasakulungidwe ndi pulasitiki, ndipo ketoprofen safuna dzuwa pamalo opakidwa. Sabata ikatha osasintha, nkhani yasanduka ya kuchipatala.

Lamulo la khungu losachekekalo limandikumbutsa kuti makolo athu kumudzi ku Katete sankameza kanthu bondo likatupa. Ankathowa ndi nsalu ya madzi ofunda, ankasisita, ndipo likakanika ankatema mphini n'kupakamo mankhwala pomwepo. Mphini sindizivomereza, lezala logawana lafalitsa matenda, ndipo ndaonapo ena m'komboni akutema kenako n'kupaka diclofenac pamabalapo, chinthu chimene chimawotcha khungu ndi kulowetsa mankhwala ochuluka m'magazi. Koma nzeru yoti mankhwala apite pamene pakupweteka si yachilendo kwa ife. Tinaitaya pamene kapisozi anafika pa kantemba ndi mtengo wa switi.

Wogulitsa aliyense wa mu famase kapena m'shopu ya zaumoyo, kuyambira Chawama mpaka Mtendere, angayambe mawa popanda kudikira Unduna. Munthu akabwera kuti "ndipatseni za bondo," am'funse zinthu zitatu asanatambasule dzanja ku shelefu: pakupweteka ndi pati, akumwa mankhwala ena ati, ndipo m'mimba mwake muli bwanji. Funso lachiwirilo alifunse motsitsa mawu, pambali, kuti wa ma ARV athe kuyankha. Akapeza kuti ndi kakolo wobinya dzulo, atulutse chubu poyamba, anene mtengo wake, ndipo afotokoze kuti chikwanira sabata yonse ndi kutsalako, pamene mapiritsi aja azigulidwa tsiku ndi tsiku. Wogula akakana chifukwa cha ndalama, am'patse piritsi la mtundu umodzi, osati kapepala ka mitundu itatu.